Kufika Nyali Itazima: Mtunda m'Buku la To the Lighthouse

Nthano yaitali ya Virginia Woolf yotchedwa To the Lighthouse, yomwe inasindikizidwa ndi Hogarth Press mu 1927, imalonjeza ulendo pa tsamba loyamba n'kudzaukwaniritsa pa masamba otsiriza, zaka 10 zitadutsa. Kopitako ndi ku nsanja ya nyali, imodzi mwa nsanja zija zimamangidwa pa matanthwe a m'nyanja zamchere kuti zizichenjeza amalinyero usiku. Ambiri amaliwerenga bukuli ngati nyimbo ya maliro yolira makolo a mlembi, ndipo Woolf mwini wake anaganizapo zolitchula choncho. Koma pansi pa malirowo pali ntchito ina ya mmisiri imene yagwira buku lonse, ndiyo kuyeza mtunda pakati pa diso ndi chinthu chimene likuyang'ana. Nyali ya nsanja yotere ndi ya anthu akutali, ndiponso ndi ya usiku. Wofuna kuifika pafupi amayenda masana, nyanja ili bata, ndipo akafika amapeza itazima. Amene amazungulira m'magombe ndi kamera kusaka nsanja zoterezi amalidziwa vutoli. Ukaima kutali umajambula kuwala, nsanjayo n'kungokhala kachitsotso. Ukayandikira umajambula khoma, mazenera ndi dzimbiri, kuwala kulibe. Magawo atatu a bukuli aimikidwa pa vuto lomweli.

Nkhaniyi Woolf anaiika pa chilumba cha Skye ku Scotland, koma nsanja imene inali m'maso mwake ndi ya Godrevy, ku Cornwall, yomwe inayamba kuwala mu 1859, sitima yotchedwa Nile itasweka pa matanthwe a kumeneko mu 1854 n'kufa onse amene anali m'katimo. Bambo ake a Woolf, Leslie Stephen, ankatengera banja lonse ku Talland House, ku St Ives, chilimwe chilichonse, mpaka pamene mayi ake, Julia, anamwalira mu 1895, Virginia ali ndi zaka 13. Munthu akaima panyumbapo nsanjayo imaoneka kutsidya kwa madzi. Mu 1892 panali ulendo wa pa bwato wopita kumeneko, koma mlongo wake wamng'ono, Adrian, anamuletsa kupita nawo, ndipo kanyuzipepala kamene anawo ankalemba pakhomo kanasunga kukhumudwa kwake. Buku lonse lamera pa kanthu kakang'ono kameneko.

Liwu loyamba m'bukuli ndi lovomera. Mayi Ramsay akuuza James, mwana wawo wa zaka 6, kuti mawa apita ku nsanja, koma kuvomerako kwabwera kutanyamula kale malire ake: apita ngati kunja kutache bwino. Woolf sayamba ndi kufotokoza nyumba kapena nyanja. Akutiponya pakati pa macheza, funso la mwanayo litafunsidwa kale tsamba lisanatsegulidwe, motero chilakolako cha ulendo n'chakale kuposa bukulo. James ali pansi, akudula ndi sizasi chithunzi cha firiji m'buku la katundu wa m'sitolo ya Army and Navy Stores, ndipo chimwemwe cha lonjezo chikusefukira pa firijiyo mpaka kuisandutsa chinthu chaulemerero. Tisanaione nsanja n'komwe, taphunzitsidwa kale kuti chinthu chimavala mtima wa amene akuchiyang'ana. Kenako Bambo Ramsay akuima pa zenera, ndipo liwu lawo loyamba ndi mlumikizi wotsutsa: kunja sikucha bwino. Ziganizo za mayi ndi zazitali, zopindika, zodzaza ndi timawu tofewetsa. Cha bambo n'chachifupi, chodula. Chopweteka n'chakuti bamboyo akunena zoona. Mphepo ikuchokera kumadzulo, monga mlendo wawo Charles Tansley akutsimikizira atatambasula zala kuti imupyole, ndipo bwato silingakocheze. Gawo loyambali, lomwe latenga theka ndi kupitirira la buku koma likungofotokoza masana ndi madzulo a tsiku limodzi, likutsekedwa ndi kuvomera kwina kwa Mayi Ramsay, ulendo uno kwa amuna awo, kuti indedi mawa kugwa mvula. Kuvomera kuwiriku kwakuta tsiku lonse ngati zitseko ziwiri, ndipo pakati pake palibe wasuntha kulowera ku nsanja.

Nsanjayo timaiona koyamba pamene Mayi Ramsay akupita ku tauni ndi Tansley. Nyumba zikutha, nyanja ikutambasuka, nsanja ili pakati. Woolf waipatsa afotokozi atatu okha, onena za imvi, kutalika kwa mtunda ndi kuuma mtima, ngati akufotokoza nkhalamba yosafuna kucheza. Koma sanatisiye kuti tiyang'ane tokha. Masitepe ochepa chabe kuchokera pamenepo paima munthu wovala chipewa cha Panama ndi nsapato zachikasu, akupenta malowo, tianyamata titamuzinga. Mayi Ramsay akufotokoza kuti chibwerereni wojambula wina wotchuka, a Paunceforte, zaka 3 zapitazo, zithunzi zonse za kuno zikufanana: zobiriwira ndi zotuwa, mabwato a mtundu wa mandimu, akazi ofiirira pamchenga. Ndimeyi ndi yaifupi ndipo ambiri amaidumpha, komatu ikunena chinthu chimene chakula kwambiri m'nthawi yathu ino. Malo okongola amafika kwa ife atajambulidwa kale ndi ena. Mlendo amene lero amaima pa Godrevy ndi foni m'manja amafunafuna pamene anaimapo amene anajambula chithunzi chimene chinam'kopa kuti abwere. Lily Briscoe, mtsikana wopenta amene ali mlendo pa banja la a Ramsay, akukana kuona monga a Paunceforte. Kwa iye khoma ndi loyera mothobwa m'maso, maluwa ndi owala kwambiri, ndipo sangawazimiritse chifukwa choti fashoni yatero.

M'nyumba yonseyo, amene akukumbukira kuti mu nsanjamo muli anthu ndi Mayi Ramsay okha. Akuluka sokosi yofiirira ya mwana wa mlonda wa nsanja, yemwe akuopsezedwa ndi TB ya m'mafupa a m'chiuno, ndipo akusonkhanitsa magazini akale ndi fodya. Amafunsa ana awo aakazi kuti angamve bwanji atatsekeredwa mwezi wathunthu pa thanthwe laling'ono ngati bwalo la tenisi, opanda kalata, opanda nyuzipepala, osadziwa ngati ana awo ali bwino. Mayiyu saona patali, Woolf wabwereza zimenezi kangapo, pamene amuna awo amaona kutali koma duwa lili pamphuno saliona. Komabe wa maso ofookayo ndi amene waloza m'kati mwa nsanja. Sokosiyo akuiyeza pa mwendo wa James n'kupeza kuti yafupika, ndipo usiku ukufika isanathe.

Pachimake pa gawo loyamba ndi pamene James watengedwa kukagona, Mayi Ramsay atsala okha, kunja kukuda, nyali yayatsidwa. Apa m'pofunika kudziwa mmene nsanja zoterezi zimagwirira ntchito. Iliyonse ili ndi kaphanimidwe kake, kuwala kangati, mdima wautali bwanji pakati pake, kuti woyendetsa sitima akawerenga adziwe kuti ali pa gombe liti. Kaphanimidweko ndilo dzina la nsanja usiku, ndipo mdima ndi mbali ya dzinalo. Nsanja ya Woolf imaphanima katatu, kawiri mofulumira, kachitatu motalika ndi mokhazikika, ndipo Mayi Ramsay akuti kachitatuko n'kawo. Kayendedwe ka mawu m'ndimezi kakutsanzira nyaliyo. Mawu ofotokoza kuwala kwachitatu akubwerera osasinthidwa, tiziganizo tiwiri tachidule tikutsogolera chimodzi chotambalala, mpaka wowerenga amayamba kudikira kubwera kwake monga mayiyo akudikirira. Singano zolukira zikuima m'malere. Mayiyo akumva kuti afota n'kukhala kachidutswa ka mdima kosaoneka ndi wina aliyense, ndipo pomwepo akudziona mu kuwalako ngati maso awo akumana ndi maso awo omwe. Pakamwa pawo pakutuluka mawu achipembedzo amene sawakhulupirira, ndipo akudzikwiyira chifukwa chonena chinthu chosachokera mumtima. Kuwalako kukuwafufuza, kukuchotsa bodzalo. Nsanja imene masana inali nkhalamba youma mtima yasanduka diso lopenya m'kati mwa munthu, kenako dzanja losisita. Zonsezi zikutheka chifukwa cha mtunda. Mlonda amene ali pansi pa nyaliyo akungomva kutentha ndi fungo la mafuta.

Gawo lachiwiri ndi mdima wa pakati pa kuphanima kuwiri. M'buku lake lokonzekera, Woolf anajambula maonekedwe a nthanoyi ngati chilembo cha H, zipinda ziwiri zolumikizidwa ndi kanjira, ndipo kanjirako ndi masamba ochepa amene anyamula zaka 10. Likuyamba ndi kuzimitsidwa kwa nyali za m'nyumba imodziimodzi, yotsiriza ikhala kandulo ya mlendo wina, a Carmichael, amene akuwerenga Virgil. Kuchokera apo mfotokozankhani, amene m'gawo loyamba amalowa m'mutu mwa uyu n'kutulukira mwa uja, alibenso mutu wolowamo. Anthu akankhidwira m'mabulaketi. Imfa ya Mayi Ramsay yanenedwa m'chiganizo chimodzi cha m'mabulaketi, ndipo ngakhale mmenemo mwininkhani ndi amuna awo, amene akupunthwa m'kanjira ka m'nyumba m'mawa wamdima atatambasula manja; imfayo yabisala m'kachiganizo kodalira, ngati chinthu chongotchulidwa podutsa. Mwana wawo Prue akumwalira ndi matenda a uchembere, mwana wawo wina Andrew akuphedwa ndi bomba ku France, onse m'mabulaketi. Kunja kwa mabulaketi kwatsala mphepo, chinyezi, ndi mpango wobiriwira umene mayi anakulunga pa chigaza cha nguluwe m'chipinda cha ana, womwe ukumasuka pang'onopang'ono. Nyali yokha ndiyo sinasinthe kayendedwe. Ikulowabe pa zenera, ikudutsa pa bedi ndi pa khoma, ndipo Woolf akuti ikuyang'ana minga, namzeze, khoswe ndi udzu wouma ndi mtima umodzimodzi. Poyamba ankaifotokoza ngati yosisita, tsopano ngati yongoyang'anitsitsa. Kusinthaku kukuulula kuti kukoma mtima kwa nyali kuja kunali kwa Mayi Ramsay. Popanda wouona, kuwalako kuli ngati kamera yoiwalika m'chipinda, yojambula chilichonse chili patsogolo pake osasankha. Amene akupulumutsa nyumbayo ndi amayi awiri okalamba, Mayi McNab ndi Mayi Bast, ndi ndowa ndi tsache.

Gawo lachitatu ndi limene lapatsidwa dzina la nsanja, ndipo ndi lokhalo limene nyali siyaka ngakhale kamodzi. Zonse zikuchitika kuyambira m'mawa mpaka masana. Chikuyambitsa tsikulo ndi funso la Nancy, mmodzi mwa ana a Ramsay, amene walowa m'chipinda atasokonezeka, kufunsa kuti kodi ku nsanja amatumizako chiyani. Amene ankadziwa yankho anapita. Maphukusi akumangidwa mwachisawawa m'mapepala akhaki, ndipo ulendo umene James ankaulirira ali mwana tsopano akupita mokakamizidwa, ali ndi zaka 16, atapangana ndi mlongo wake Cam kuti alimbana ndi nkhanza za bambo awo mpaka imfa. M'bwatomo Woolf wagawa maso mwaluso. James ali pa chiwongolero, wayang'ana kutsogolo. Cam wayang'ana kumbuyo, kumene chilumba chikucheperachepera mpaka kufanana ndi tsamba loimikidwa, nyumba yawo yosadziwikanso pakati pa zinzake. Bambo Ramsay azika maso m'kabuku. Kumtunda, Lily waima pa kapinga ndi chinsalu chake, akuyang'ana bwatolo likulowa m'chifunga. Timitu ta gawoli tikusinthana, bwato, kapinga, bwato, kapinga, ndipo kulikonse wina akuona mnzake akuchepa. Lily akuzindikira kuti chifundo chimene analephera kuwapatsa Bambo Ramsay ali pamaso pake, pamene anangotha kuyamikira nsapato zawo, chikukula pamene iwo akutalikira.

Ndime imene buku lonse lakhala likulowera ikubwera pamene mphepo yaleka, thanga lalendewera, bwato laima pakati pa madzi dzuwa likuswa mtengo. Woolf waimitsa ulendo dala kuti James aone kawiri. Choyamba akukumbukira nsanja ya ubwana wake, yonyezimira ngati siliva, yokutidwa ndi nkhungu, ya diso lachikasu lotseguka mofatsa madzulo. Kenako ndime ikuduka pa liwu limodzi lonena za tsopano, lotsatiridwa ndi kamzere, ndipo James akudzutsa maso. Matanthwe opakidwa laimu. Nsanja yowongoka, yosakongoletsedwa, ya mizere yakuda ndi yoyera. Mazenera. Zovala zoyanikidwa pamiyala. Mawu asintha thupi: m'chithunzi choyamba muli afotokozi ofewa ndi mneni wa diso lotseguka, m'chachiwiri muli mayina a zinthu oikidwa motsatana, chilichonse chotsogozedwa ndi mawu akuti ankatha kuona, ngati munthu akuwerenga katundu. Nsanja ya Godrevy ndi yoyera yokhayokha, ya ngodya 8; mizereyo ndi ya Woolf. Ndipo si yokongoletsera. Nsanja zambiri zimapakidwa mizere kuti amalinyero azizisiyanitsa masana, pamene nyali sithandiza. Mayi ankadziwa dzina la nsanjayo la usiku, mwana wafika pa dzina lake la masana. Wowerenga amayembekezera kuti mnyamata wa zaka 16 anena kuti yeniyeni ndi iyi, ya ubwana ija inali bodza. James akufika pamphepete pa kunena zimenezo, kenako akubwerera: inayo inalinso nsanja, pakuti chinthu sichikhala chimodzi chokha. Ndiye kuti "koma" wa bambo ndi "inde" wa mayi akwana m'diso limodzi, ndipo mnyamatayo sanafunikire kutaya mmodzi wa makolo ake kuti asunge mnzake.

Woolf anakulira pakati pa zithunzi. Julia Margaret Cameron, mmodzi mwa akatswiri oyambirira a kamera ku Britain, anali mbale wa agogo ake, ndipo anajambula Julia, mayi a Woolf, kambirimbiri. Cameron ankadziwika ndi zithunzi zofewa m'mbali, zosathwa dala, zimene anzake okonda kuthwa ankazinyoza. Mu 1926, akulemba nthanoyi, Woolf anatulutsa buku la zithunzi za Cameron, iye ndi mnzake Roger Fry atalemba mawu otsogolera. Nsanja ziwiri za James zili ngati mbali ziwiri za mkangano umenewo, chithunzi chofewa ndi chithunzi chakuthwa, ndipo Woolf wakana kugamula kuti choona n'chiti. Chimene wawonjezera, chomwe kamera imodzi singachite nthawi imodzi, ndi kuziika ziwirizo m'mutu mwa munthu mmodzi, m'ndime imodzi.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene tikuteteza ulendowu kuti usasanduke wotsekemera. Koyamba ndi kamutu kafupi kwambiri, konse ka m'mabulaketi, mmene mwana wa a Macalister, amene ali nawo m'bwato, akudula kachidutswa m'nthiti mwa nsomba kuti akhale nyambo, n'kuiponyanso m'madzi ikadali yamoyo. Kamutuka kaikidwa pakati pa kulira kuwiri kwa Lily poitana Mayi Ramsay, ndipo palibe liwu lolumikiza ziwirizi. Wowerenga amalumikiza yekha kuti wofedwa amapitiriza kusambira atadulidwa. Kachiwiri kakubwera bwato litayandikira. Munthu akutuluka mu nsanja, akuwayang'ana ndi galasi loonera patali, n'kulowanso. Ndi chiganizo chimodzi chopanda chokometsera, koma chikutembenuza buku lonse. Kuyambira tsamba loyamba aliyense wakhala akuyang'ana nsanja. Apa tikuzindikira kuti kumeneko kuli munthu wa ntchito yake ndi zovala zake zochapa, amene kwa iye banja la a Ramsay ndi kadontho pamadzi, alendo ena obwera kudzaona malo. Wojambula aliyense amene analozapo kamera pa khomo la munthu wina, mwini khomo n'kutuluka kudzamuyang'ana, amaidziwa mphindi imeneyi.

Kufikako Woolf wakuchepetsa mwadala. Bambo Ramsay atseka kabuku, agawa buledi ndi tchizi, adutsa pamene sitima ina inamira osafuula ndakatulo monga ana awo amaopera, ndipo akumuyamikira James ndi mawu awiri chifukwa chowongolera bwino. James sakuyang'ana aliyense, kuopa kugawana chimene walandira. Cam ndi amene akutiuza kuti mlongo wake wapeza chimene wakhala akuchifuna moyo wake wonse. Kenako bamboyo akunyamula phukusi, akuimirira mowongoka, mneni ndi afotokozi ake akufanana ndi amene anafotokoza nsanja, n'kudumphira pa thanthwe mopepuka ngati mnyamata. Kamutuko kathera pomwepo, phazi lisanakhazikike. Sitikwera makwerero, sitiona nyali, sitimva liwu la mlonda, ndipo sitiuzidwa ngati mwana wa sokosi uja anachira.

Uthenga woti afika ukuchokera kwa anthu amene sakutha kuona. Kwa Lily nsanja yasungunuka m'chifunga chobiriwira, ndipo akunena mongoganizira kuti ayenera kuti afika. A Carmichael, ataima pambali pake, akuvomereza chimodzimodzi. Vuto la chithunzi chake lakhala lomwelo kwa zaka 10: kulumikiza mbali yakumanja ndi yakumanzere. Pa chakudya chamadzulo cha m'gawo loyamba anasuntha kabotolo ka mchere pa nsalu ya patebulo kuti akumbukire kusunthira mtengo pakati. Tsopano akuyang'ana masitepe pamene Mayi Ramsay ankakhala, ali opanda munthu, akuyang'ana chinsalu chake, chosaoneka bwino, n'kulemba mzere umodzi pakati. Woolf sanena kuti mzerewo ndi mtengo, nsanja kapena munthu. Polembera Roger Fry mu 1927 anakana kuti nsanjayo imaimira chinthu chimodzi chodziwika, nati buku limafuna mzere wapakati woti ugwire mbali zonse, ndipo owerenga adzathiramo okha zimene ali nazo mumtima. Lily akudziwa kuti chithunzicho chidzaponyedwa kudenga kapena kuwonongeka, ndipo wasiya kusamala. Mneni wa m'chiganizo chotsiriza ali m'nthawi yapita: akunena za masomphenya amene anali nawo, pamene burashi ikadali m'manja ndipo utoto sunaume. Woolf wam'patsa Lily, amene sanachoke pa kapinga, mphindi yofanana kutalika ndi imene anawapatsa Bambo Ramsay ali m'malere pakati pa bwato ndi thanthwe.